Mafunso a Kompyuta: Windows ndi Mac zomwe sizinafike m'sitolo

Mwezi uno makalata angapo akumana pa nkhani imodzi, ya anthu amene akufuna kudzutsa masisitimu akalekale pa kompyuta zamasiku ano. Osati aja anagulitsidwa m'mabokosi ayi, koma ma beta, zoyeserera zija mainjiniya ankapatsana okhaokha ntchito ili mkati. Makalata ena ndawadula kuti tikwane patsamba, eni ake musadandaule.

FUNSO: Achimwene, ndinapeza Chicago build 58s, akuti ndiye Windows 95 isanatchedwe Windows 95. Ndaiika mu VirtualBox pa laputopu yanga, ndipo laputopuyo ndi yamphamvu ndithu, ndinaipatsa RAM 2 GB kuti isavutike, koma setup ikafika pakati imangofa, pena sikirini yakuda bii, pena imayambiranso yokha. Fayilo ndi yowola kapena ndine ndikuphonya penapake? — Wophunzira za IT

YANKHO: Fayiloyo mwina ilibe mlandu aise. Chikuipha ndi kupatsa kwanuko, mwaiunjikira zinthu zomwe siinazionepo chibadwire. Build 58s, kutanthauza kope yoyeserera ya nambala imeneyo, ndi ya Ogasiti 1993, nthawi imeneyo kompyuta yabwino inali 486 ya RAM 8 MB, mwina 16 MB kwa amene zinkawayendera, Pentium n'kuti itangotuluka Malichi chaka chomwecho ndipo ochepa okha ndi amene anali nayo. Ngakhale Windows 95 yeniyeni ija inatuluka pa 24 Ogasiti 1995 inkangofuna 386DX ndi 4 MB kuti idzuke. Ndiye inu mwabwera ndi 2 GB, kuwirikiza koposa ka 500. Choseketsa nchakuti Windows 95 yomalizidwayo ukaipatsa RAM yofika cha m'ma 500 MB kupita m'mwamba imakana kubuta n'kumadandaula kuti memole yachepa, chifukwa matebulo osungira maadiresi a memole yonseyo amadya malo ochepa omwe sisitimu inadzisungira yokha.

Purosesa nayonso ili ndi mlandu wake. Madirayiva ena a Windows 95 akamadzuka amayamba ayeza liwiro la makina, amazungulitsa ka loop kambirimbiri n'kuona kuti padutsa nthawi yochuluka bwanji, kenako amagawa ndi nambala imeneyo. Purosesa ikakhala yothamanga kwambiri nthawi yodutsayo imatuluka 0, ndipo kugawa ndi 0 ndiye kuthera pomwepo. Zimenezi zinaonekera kale mu 1998 pa AMD K6-2 ya 350 MHz, mpaka Microsoft inatulutsa chigamba. Koma chigambacho chinali cha Windows 95 yogulitsidwa, palibe anakhalapo pansi kusokera chigamba build ya 1993 imene inkayenera kukhala miyezi yochepa basi n'kutayidwa.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya mwezi uno. VirtualBox ndi VMware sizinamizira purosesa, zimangotenga malangizo a sisitimu n'kuwapereka kwa purosesa yanu yeniyeniyo kuti iwachite pa liwiro lake la lero. Emyuleta ngati 86Box kapena PCem imachita zina, imamanga kompyuta yonse yakale mu pulogalamu, bodi yake, BIOS yake yeniyeni (kapulogalamu ka pa bodi kodzutsa makina), tchipi cha vidiyo, kontirola ya disiki, ngakhale kuchedwa kwake imakukopera. Sisitimu yogulitsidwa inayesedwa pa makina ambirimbiri isanatuluke ndiye imapirira zambiri. Beta yoyambirira ili ngati suti yomwe telala wangoilumikiza ndi ulusi wongogwirizira atayeza munthu mmodzi, wina wa thupi losiyana akaivala imang'ambika pa phewa. Ndiye ntchito yanu si kuika Chicago pa laputopu, ntchito yanu ndi kumanga kompyuta ya 1993 mkati mwa laputopuyo.

Tengani 86Box pamodzi ndi ma ROM ake, makope a mapulogalamu omwe ankakhala m'matchipi a makina akalewo, popanda ma ROM siidzuka. Sankhani bodi ya 486, purosesa 486DX2 ya 66 MHz, RAM 16 MB. Vidiyo yambani ndi VGA wamba. Hadi disiki ikhale IDE yosapitirira 504 MB, chifukwa BIOS zambiri za nthawiyo zinkathera pa masilinda 1024, mahedi 16 ndi masekita 63. Mausi ikhale ya serial. Saundi kadi ndi netiweki kadi musaike kaye, mudzawonjezera zikayenda, chimodzi chimodzi. Kenako ikani MS-DOS 6 ndi Windows 3.1 poyamba monga mmene makina a woyesa wa 1993 akanakhalira, koperani mafayilo a Chicago pa hadi disiki yomweyo, ndipo musanadine setup zimitsani emyuleta mukope fayilo ya hadi disikiyo muisunge pena. Mudzaifuna, osati kamodzi. Setup idzakufunsaninso beta site ID ndi pasiwedi, zimene Microsoft inkapereka kwa oyesa ake.

Ikadzuka musayembekezere Windows 95 imene mumaiona pa zithunzi. Batani lolembedwa Start mulibe, m'malo mwake pansipo pali timabatani titatu, ka sisitimu, kofufuzira ndi ka chithandizo, ndipo chomwe chinadzakhala Explorer apa chikutchedwa File Cabinet. Mukatsegula mapulogalamu ambiri mupeza ndi a Windows 3.1 omwe aja sanasinthe n'komwe. Kwa ine kukoma kwake ndi kumeneko, umaona ndi maso ako kuti zinthu zomwe timaziyesa zachibadwa ngati Start zinachita kukanganirana anthu.

FUNSO: Akulu, ine yanga ndi Longhorn build 4074. Inalowa bwinobwino koma ikungondiuza kuti nthawi yake yatha. Yatha bwanji poti ndaiika lero? — Wokonda Windows XP

YANKHO: Ma beta ambiri a Microsoft kuyambira cha kumapeto kwa m'ma 1990 anawatchera nthawi, anthu amati timebomb. Sisitimu imayang'ana deti ya mu BIOS, ikaona kuti yadutsa malire imayamba kukana kulowa kapena kumadzizimitsa. Cholinga chinali choti oyesa asakakamire beta mpaka kalekale osagula yeniyeni. Longhorn ndi dzina la Windows Vista isanatchedwe Vista, ndipo build 4074 ndi ya Epulo 2004, inagawidwa ku msonkhano wa Microsoft wa WinHEC chaka chomwecho, ndiye bwezani wotchi ya makina onamizirawo ifike kumapeto kwa Epulo kapena Meyi 2004, ndipo muchite zimenezi musanayambe kuinsitola, osati pambuyo. Ambiri amagwa apa, amasintha deti sisitimu itaona kale chaka chenicheni, ndiye imakhala yalemba kale.

Musaiwale kuletsa emyuleta kutengera nthawi ya kompyuta yanu. Mu 86Box muli setingi ya time synchronization, izimitseni kenako ikani deti mu BIOS. Mu QEMU, emyuleta inanso, mumalemba -rtc base= n'kutsatiza deti. Mu VirtualBox muli biossystemtimeoffset ya VBoxManage, imawerenga mamilisekondi ndiye konzekerani kalikuleta. Netiweki ichotseninso, apo ayi ipita yokha kukafunsa nthawi pa intaneti.

Longhorn yokha ndiye VMware kapena VirtualBox zimaikwana, ndi ya nthawi ya Pentium 4, 86Box siifika kumeneko. Koma dziwani kuti 4074 ndi yolemera ndipo imadya memole ikamakhalitsa, makamaka sidebar ndi WinFS, njira yatsopano yosungira mafayilo, zikayatsidwa. Si inu, ndi mmene inalili. Microsoft yomwe inaona kuti sizikuyenda, mu Ogasiti 2004 inasiya khodi imeneyo n'kuyambiranso pa maziko a Windows Server 2003, ndiye kunatuluka Vista mu Januwale 2007.

FUNSO: Mwanawe, ine ndi wachikulire, ndinagwirapo ntchito yotayipa ndi kukonza masamba pa Macintosh zija za kasikirini kakang'ono kakuda ndi koyera. Mdzukulu wanga anandiikira Mini vMac ndipo System 6 ikuyenda bwino, mtima unakhala pansi. Tsopano ndamva zoti kunali Mac ina isanatuluke ya 1984, ya disiki yaikulu. Tinapeza disiki yake pa intaneti koma tikaiponya mu Mini vMac palibe chikuchitika, pena kankhope kachisoni kaja. Tilakwitsa pati? — Wopuma pantchito

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo mdzukuluyo mumuthokoze m'malo mwanga. Imene mwamvayo anthu amaitcha Twiggy Mac. Macintosh inatuluka pa 24 Januwale 1984 ili ndi purosesa ya Motorola 68000, RAM 128 KB, sikirini ya madontho 512 kwa 342, ndi dirayivu ya Sony ya mainchesi 3.5 yolowa 400 KB. Koma m'chaka cha 1983 makina oyeserera anali ndi dirayivu ya Apple yomwe, ya mainchesi 5.25, yotchedwa Twiggy, ya mtundu womwe unali mu Lisa, kompyuta ina ya Apple. Disiki ya Twiggy inkalowa pafupifupi 860 KB, zambiri ndithu pa nthawiyo, koma inkavuta kuwerenga ndipo ku fakitale madirayivu ambiri ankatuluka olephera. Steve Jobs sankafuna za Sony, ndiye mainjiniya a timu ya Mac ankagwira ntchito ndi Sony mobisa, mpaka tsiku lina anabisa injiniya wa Sony mu kachipinda kosungiramo zinthu Jobs atatulukira mwadzidzidzi. Pamapeto Sony yomweyo ndi imene inapulumutsa Mac. Makina a Twiggy ambiri anaphwanyidwa, otsala ndi owerengeka.

Tsono chifukwa chimene disiki yanu ikukanira ndi ROM. Pa PC yakale BIOS inali yaing'ono, sisitimu yonse inkachokera pa disiki. Pa Mac sizinali choncho, popeza RAM inali 128 KB yokha, mbali yaikulu ya sisitimu anaiika mu ROM ya 64 KB, monga QuickDraw ya Bill Atkinson yojambula chilichonse pa sikirini, zoyendetsa mawindo, ma menu ndi zina. Fayilo ya System pa disiki ndi theka chabe, theka linalo lili mu tchipi. Ndiye System ya 1983 imaitana zinthu mu ROM ya 1983, manambala ake ndi kakonzedwe kake n'kuti zikusinthabe mwezi ndi mwezi. Mini vMac imene anakuikirani mdzukulu ndi yonamizira Macintosh Plus ya 1986, ROM yake ndi ya 128 KB, yosiyana kutalitali. System yakaleyo ikaitana, imayankhidwa zina, basi kankhope kachisoni.

Palinso china. Mini vMac siinamizira dirayivu ya disiki yeniyeni, imachotsa dirayiva ya disiki mu ROM n'kuikamo yake, ndiye imayenera kuidziwa ROM imene mwaipatsa. Nchifukwa chake pulogalamuyi, imene anailemba Paul C. Pratt, imamangidwa payokhapayokha pa mtundu uliwonse wa Mac, ina ya Plus, ina ya 128K, ina ya Mac II, ndipo ilipo yomangidwira Twiggy. Mdzukulu afufuze imeneyo, aipatse ROM ya Twiggy, kenako disiki yanuyo. Zitatuzi zikagwirizana idzuka.

Mukalowa mudzazindikira zambiri koma zili ngati zasokonekera pang'ono, zithunzi za mafayilo zina ndi zosiyana, mawu a m'ma menu ena sanakhazikike, MacWrite n'kuti ikutchedwa MacAuthor, ndipo mauthenga ena ochenjeza amayamba ndi mawu oti "Steve sez", nthabwala za mainjiniya zomwe anazichotsa asanagulitse. Musamayese kukopera mafayilo pakati pa disiki imeneyi ndi ya System 6 yanu ija, sungani kope yoyera pambali.

Poti tili pa Apple, wina anafunsa za Copland mu kalata yomwe sinakwane pano. Copland inali sisitimu yatsopano ya Mac yomwe Apple inaisiya mu Ogasiti 1996 isanathe. Ma build ake otsala amafuna Power Macintosh zoyambirira monga 6100, 7100 ndi 8100, ndipo emyuleta ya SheepShaver siingayidzutse chifukwa siinamizira MMU, mbali ya purosesa yoyang'anira memole, pomwe Copland imadalira yomweyo. Amene akulimbana nayo amagwiritsa ntchito emyuleta ya DingusPPC. Yosavuta ndi Rhapsody, sisitimu ina imene inabwera Apple itagula kampani ya NeXT kumapeto kwa 1996, chifukwa ma developer release ake a 1997 ndi 1998 analipo a purosesa za Intel, ndiye amayenda pa emyuleta za PC.

FUNSO: Achimwene, ndikusewera ndi Windows 1.0, yogulitsidwa ija komanso yoyeserera ya DR5. Yogulitsidwayo ikamadzuka ikulavula zilembo zosamveka sikirini yonse ndi kulira bii bii, DR5 ikudzuka koma mausi siikuyenda ndipo ndikatsegula zinthu zingapo imafiliza. Funso langa lenileni ndi ili: ndingadziwe bwanji kuti cholakwika ndi emyuleta kapena ndi Windows yomweyo? — Mtsikana wa ma kompyuta akale

YANKHO: Achemwali, funso lanu lomalizalo ndi limene ndalikonda kuposa onse a mwezi uno, koma tiyambe ndi zosavutazo. Zilembo zosamvekazo ndi DOS. Windows 1.01 inatuluka pa 20 Novembala 1985, imadziwa DOS 2 ndi 3 basi, ikakumana ndi DOS 5 kapena 6 imasokonezeka poyang'ana nambala ya veshoni n'kuyamba kutaya zinyalala pa sikirini. Mutha kuinamiza ndi SETVER, kapulogalamu ka DOS kosintha nambala ya veshoni yomwe pulogalamu imaona, koma bwino kungoika DOS 3 yeniyeni. Mausi nayo, doko la PS/2 linabwera mu 1987, ndiye Windows ya 1985, kuli bwanji DR5 (Developer Release 5) ya kumapeto kwa 1984, siingadziwe chinthu chomwe kunalibe. Ipatseni Microsoft mouse ya serial kapena ya bus. Makina akhale IBM XT, purosesa 8088 ya 4.77 MHz, vidiyo CGA, RAM 512 KB kapena 640 KB. Idzachedwa, inde, ndipo kuchedwako ndi mbali ya zomwe mukufuna kuona. Microsoft inalengeza Windows mu Novembala 1983 n'kutha zaka ziwiri isanaitulutse, ukaona DR5 ikukwawa pa XT sufunsanso kuti ankachedwa chani.

Tsopano funso lenilenilo. Ndi sisitimu yomalizidwa, ikagwa pa emyuleta umadziwa kuti mwina emyuleta ndi yolakwa, chifukwa pa makina enieni inkayenda. Ndi beta mulibe chitsimikizo chimenecho. Kufiliza komwe mukuonako kutha kukhala kolondola ndithu, kutanthauza kuti emyuleta yagwira ntchito yake bwino kwambiri mpaka yakubweretserani vuto lomwe injiniya wa 1984 ankalimbana nalo pa desiki lake. Ndiye munthu utha kutha masiku ukusintha masetingi kufuna kukonza chinthu chomwe sichinayendepo chiyambire.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Pa makina onamizira omwewo, osasintha kanthu, ndimayamba ndaika veshoni yogulitsidwa yoyandikana nayo, apa ndiye Windows 1.01. Ikayenda bwino ndiye kuti makinawo ali bwino, kukayikira kumapita kwa beta. Kenako ndimayesa beta yomweyo pa emyuleta ina yolembedwa ndi anthu ena, mwachitsanzo 86Box ndi MAME, kapena DOSBox-X, koma osati 86Box ndi PCem zokha chifukwa 86Box inachokera mu khodi ya PCem ndiye zitha kulakwitsa mofanana. Ikagwa pamalo amodzimodzi pa emyuleta ziwiri zosiyana makolo, mlandu ndi wa Windows. Ikagwa pa imodzi yokha, mwapeza vuto la emyuleta, ndipo olemba ake amasangalala kuuzidwa, ma beta amagwira hadiweya m'njira zachilendo zomwe mapulogalamu omalizidwa sachita ndiye amaulula zolakwika zobisika.

Muziwerenganso mafayilo a README ndi ma release notes omwe ali pa madisikiwo. Anthu amawadumpha koma nthawi zambiri mainjiniya analembamo okha kuti chakuti sichikugwira, musachidine. Webusaiti ya BetaWiki nayo ili ndi tsamba la build iliyonse yodziwika ndi mavuto ake. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mukasintha vidiyo, RAM ndi purosesa limodzi ikayenda simudziwa chakonza ndi chiti.

Chenjezo limodzi, ma build abodza aliko ambiri. Munthu amatenga Windows yogulitsidwa, kusintha nambala ya veshoni ndi chithunzi choyambira, n'kuitcha beta yosowa. Yang'anani madeti a mafayilo, ndipo fananizani hash yake, nambala yomwe ili ngati chidindo cha chala cha fayilo, ndi ya makope odziwika. Beta ikamayenda mosalala kwambiri osagwa ngakhale kamodzi, ine ndimayamba kuikayikira.

FUNSO: Malemu amalume anga ankagwira ntchito ya mapulogalamu kalekale. M'katoni yawo tapezamo ma floppy ambiri, ena alembedwa "beta" ndi "confidential". Ndagula dirayivu ya USB, ndingowalowetsa ndione zili mkati? — Mphwawo

YANKHO: Pepani ndi imfa ya amalume. Koma dikirani kaye, musalowetse. Choyamba jambulani chithunzi cha disiki iliyonse, kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa cholembedwa pa lebulo nthawi zina ndi umboni wokhawo wa deti ndi nambala ya build. Chachiwiri tsekani kuti isalembedwe. Pa ya mainchesi 3.5 kankhani kachotsekera ka pakona kuti bowo lioneke, pa ya 5.25 ndi mosemphana, mumamata kotchedwa notch kam'mbali kaja ndi tepi. Izi si zamwambo chabe, masisitimu ena amalemba pa disiki ongoiyang'ana, Windows 95 ndi 98 zinkasintha tizilembo tina mu boot sector ya floppy iliyonse yosatseka imene yalowetsedwa. Yang'ananinso mkati mwa disiki ngati muli nkhungu, timadontho toyera kapena totuwa, yoteroyo ikazungulira imakanda n'kudetsa hedi ya dirayivu ndipo yotsatira nayo imawonongeka.

Dirayivu ya USB imawerenga ma disiki a PC a 720 KB ndi 1.44 MB basi. A Mac a 400 KB ndi 800 KB siingawawerenge chifukwa analembedwa m'njira ina, dirayivu ya Mac inkasintha liwiro lozungulira malinga ndi pomwe hedi ili, ndiye ikakuuzani kuti disiki siinafomatidwe, mufomate, yankho ndi ayi nthawi zonse. Chida choyenera ndi kabodi kotchedwa Greaseweazle, kapena KryoFlux, kapena Applesauce pa za Apple, mumakalumikiza ku dirayivu yakale yeniyeni ndipo kamajambula maginito a pa disiki mmene alili, osasamala kuti ndi fomati yanji. Disiki ya zaka 30 kapena 40 mwina ili ndi kuwerengedwa kumodzi kokha kwabwino komwe kwatsala, ndiye kumeneko kukhale kojambula image, kope ya disiki yonse mu fayilo imodzi, osati kongosuzumira. Zoyesa pa emyuleta muzichita ndi kope.

Musazione zopepuka. Kumapeto kwa 2023 munthu wina anaika pa Internet Archive disiki ya mainchesi 8 yomwe inapezeka kuti ndi 86-DOS 0.1, kholo la MS-DOS lomwe Tim Paterson analemba ku Seattle Computer Products mu 1980, Microsoft isanaigule mu 1981, ndipo anthu anaidzutsa pa emyuleta ya SIMH. Mu 2024 ma beta a MS-DOS 4.0 yotha kuyendetsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi anatuluka kuchokera pa ma floppy omwe Ray Ozzie anasunga. Zambiri zomwe tili nazo zinapulumuka chonchi, m'makatoni a anthu, osati m'makampani. Koma poti ndi katundu wa malemu, mukawerenga muone kaye ngati mulibe makalata awo kapena zinsinsi za makasitomala musanapatse aliyense.

FUNSO: Kodi zimenezi ndi zololedwa? Nanga mavayirasi? — Wamantha

YANKHO: Emyuleta payokha ilibe vuto. Masisitimu ndi ma ROM ndi amene ali ndi eni ake mpaka lero, kukalamba kwa pulogalamu sikuchotsa copyright, ndipo ma beta ambiri ankaperekedwa munthu atasainira kuti saulula. Nchifukwa chake olemba Mini vMac sakupatsani ROM ya Apple pamodzi ndi pulogalamu. Zoti makampani kawirikawiri salimbana ndi munthu wosewera ndi build ya 1993 kunyumba kwake sizikutanthauza kuti apereka chilolezo, ndipo kugulitsa ndiye musayerekeze. Zilipo zomwe eni ake anazimasula okha: Microsoft inaika khodi ya MS-DOS 1.25 ndi 2.0 pa GitHub mu 2018 ndi ya 4.0 mu 2024 pa laisensi ya MIT, ndipo Computer History Museum inatulutsa khodi ya MacPaint ndi QuickDraw mu 2010 ndi ya Lisa mu Januwale 2023 Apple itavomera.

Mavayirasi akale ngati Stoned, Form ndi Michelangelo amapezekadi m'ma image a floppy, amakhala mu boot sector. Amagwira makina onamizirawo, sangadumphire pa laputopu yanu ya lero. Choopsa chenicheni ndi malo omwe mukudawunilodako. Image ya disiki imathera ndi .img, .ima, .dsk, .iso kapena imabwera mu zip. Akakupatsani .exe yoti muyendetse pa kompyuta yanu kuti "ikutsitsireni" beta, tsekani tsambalo.

FUNSO: Ine kompyuta ndilibe, ndili ndi foni yokha ya Android. Ndiye kuti zandipita? — Wa foni yokha

YANKHO: Sizinakupiteni zonse. Tsegulani bulawuza mupite pa PCjs ya Jeff Parsons, muli IBM PC yoyenda mu bulawuza momwemo ndi DOS zoyambirira ndi Windows 1.0, simuinsitola kanthu. Za Apple pitani pa Infinite Mac ya Mihai Parparita, mumasankha System kuyambira 1.0 ya 1984 kupita m'tsogolo. Masisitimu oyambirirawa ndi ang'onoang'ono, disiki yonse ya Mac yoyamba ndi 400 KB, chithunzi chimodzi cha kamera ya foni yanu chimaposa pamenepo. Chovuta ndi chala, mapulogalamuwa anapangidwira mausi ndipo kudina kawiri kapena kukoka windo pa sikirini ya foni kumatopetsa, ndiye ngati mungapeze kachingwe ka OTG ndi mausi ya USB zinthu zimasintha kwambiri.

Ilipo Limbo, yomwe ndi QEMU ya pa Android, ndipo Windows 95 kapena 98 yogulitsidwa imatha kudzuka mmenemo mukaleza mtima. Koma Chicago zoyambirira zija tinakamba pamwambapa sindikulimbikitsani kuziyesera pamenepo, QEMU imakupatsani bodi ya nthawi ya Pentium ndipo simungasankhe BIOS ndi tchipi chimodzichimodzi ngati mu 86Box. Zimenezo mudikire tsiku lomwe mwabwereka laputopu, ndipo siifunika yamphamvu, kunamizira 486 laputopu wamba ya zaka khumi zapitazo imakwanitsa. Mungoyang'ana ka peresenti komwe 86Box imaonetsa, kakamakhala pa 100 ndiye kuti makina anu akukwanitsa, kakamatsika chepetsani liwiro la purosesa yonamizirayo mufike pa 33 MHz kapena 25 MHz.